Chikhomo Chimene Chinayenda

Mutu 5

1. Zikhomo zofiira

Febe anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ankaphunzira Fomu 2 pa sekondale yoyendera, chakufupi ndi Nsaru. Kunyumba analipo anayi: iye, mayi ake a Marita, ndi azing'ono ake awiri, Tadala ndi Chiyamiko. Bambo ake anamwalira iye ali mu Sitandade 5, ndipo chimene anasiya ndi njinga yopanda tcheni. Munda unali wa kuchikazi. Ndi umene unkawadyetsa.

Mundawo unachita malire ndi kampu yakale. Boma la chipani chimodzi lisanathe, pamalopo pankakhala anyamata a mayunifolomu. Zinthu zitasintha anabalalika, anthu n'kusasula malata, n'kugumula njerwa. Panatsala maziko ndi tchire.

Mu Ogasiti wa 2004, anyamata osaka mbewa anayatsa tchirelo. Moto uli mkati, china chake chinaphulika pansi. Phokoso linamveka mpaka kumsika. Munthu sanavulale, koma ng'ombe imene inkadya chapafupi inathyoka mwendo ndipo anaizinga tsiku lomwelo.

Kumapeto kwa Okutobala kunafika galimoto yoyera ndi anthu ofufuza mabomba. Anakhoma zikhomo za mitu yofiira kuzungulira kampu yonse, chilichonse ndi nambala yake. Koma mpanda wa kampu kale unkafika mpaka m'munda wa a Marita. Choncho zikhomo zinalowa m'mundamo n'kudula mizere khumi ndi iwiri ya kumunsi.

Lamulungu, mapemphero atatha, mtsogoleri wa gululo, mayi Getrude, anaima panja pa tchalitchi.

"Makolo anga, ndilankhula kamodzi, ndipo ndikupempha kuti mumve," anatero. "Chikhomo chofiira chikutanthauza kuti kuseri kwake sitinafufuze. Musalimeko, musamangirireko mbuzi, musatumeko ana kukatola nkhuni. Zinthu zimene zinakwiriridwa uko sizikalamba ngati munthu. Zikachita dzimbiri m'pamene zimapsa mtima msanga. Mwina mwaziponda zaka khumi osamva kanthu. Sindiye kuti zinafa. Tikamaliza kufufuza tidzazula zikhomo, malo abwerere kwa eni ake. Sitinabwere kudzatenga munda wa munthu."

Anthu anaomba m'manja mwaulemu. A Levison, mlongo wa a Marita, amene anali malume a Febe, sanaombe.

2. Sipuni ndi chiwaya

Lolemba poweruka, Febe anadzera kumunda. Anapeza mayi Getrude atagwada pa chikhomo cha nambala 14, pafupi ndi chitsa cha mthethe, akutapa dothi ndi sipuni n'kumathira m'kabotolo.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera, kaya iwe? Ima pomwepo, usapitirire chikhomo."

"Kodi mabombawo mumawapeza ndi sipuni?"

Mayi Getrude anaseka. "Bwenzi nditafa kalekale. Amene amafufuza ndi a Sydney awo." Analoza bambo wina amene ankapukuta makina a ndodo yaitali, okhala ndi chimbale chozungulira kumapeto. Ana a m'mudzi anali atawatcha kale dzina makinawo, ankati chiwaya. "Chiwaya chimalira chikamva chitsulo pansi. Ntchito yanga ndi kuwauza a Sydney pamene chiwaya chawocho chinganame."

"Makina amanamanso?"

"Kuposa anyamata a Fomu 4."

Anatulutsa maginito m'thumba n'kuyendetsa pa dothi louma. Atakweza, timanyenyeswa takuda tinali titakakamira pa maginitopo.

"Dothi lofiirali mumalitcha chiyani kuno?"

"Katondo."

"Katondo ali ndi chitsulo chake chachibadwa. Ndi chimenechi. Nanga lakuda la kumunsi lija?"

"Makande."

"Makande alibe chambiri. Tsono tamvera. Ukatchera chiwaya cha pa makande n'kulowa nacho mu katondo, chimalira paliponse. Munthu amatopa, amayamba kusachimvera, ndipo tsiku limene chalira zoona iye amangodutsa. Ukachitchera cha pa katondo n'kulowa nacho mu makande, chimagontha, chimadutsa pamwamba pa chinthu osalira. Ndiye tisanaponde paliponse, ndimayamba ndayeza dothi la pa chikhomo chilichonse. Ndimayezanso chinyezi, chifukwa dothi lonyowa ndi louma samveka mofanana."

Analowetsa kabotolo kaja m'kabokosi kokhala ndi kagalasi. Pa kagalasipo panaoneka 640.

"Kumunsi uko, pa makande, sikafika ndi pa 100 pomwe," anatero uku akulemba m'buku.

Febe naye anatulutsa kope la zaulimi n'kulemba kumapeto: chikhomo 14, pa chitsa cha mthethe, katondo, 640.

"Mudzafika liti pa mizere yathuyi? Mvula yayandikira."

"Tiyambira kumene kunaphulika. Kuno mwina pakatha mwezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Febe anabweza kope m'chikwama. Amene munagwirapo khasu mukudziwa kuti mvula sidekha.

3. Zimene Febe anaona Lachitatu

Lachitatu Febe analawirira kukatunga madzi kuchitsime cha kudambo. Njira yake imadutsa m'mphepete mwa munda. Ali chapatali anamva kugogoda.

Anali malume ake. Anali atazula zikhomo zisanu ndi chimodzi, kuyambira 11 mpaka 16, n'kukazikhoma kumunsi kwenikweni, kumene munda umathera. Tsopano ankafotsera maenje akale ndi chidendene. Mizere khumi ndi iwiri ija inali yabwerera m'munda.

Febe anatula ndowa. "Malume, mwalowa kuseri kwa zikhomo."

"Ndalowa, ndatuluka. Miyendo yanga ndi iyi, iwerenge."

"Koma anati..."

"Bwera kuno. Khala pansi."

Febe ananjuta pa mzere.

"Iwe unabadwa dzulo," anatero a Levison. "Ine zikhomo ndinaziona ndili msinkhu wakowu. Kunabwera anthu aulemu, ovala bwino, akuti tikungoyeza. Anakhoma zikhomo m'munda wa agogo ako, kutsidya kwa mtsinje uko. Nawonso ankatapa dothi m'timabotolo, chimodzimodzi mayi wakoyu. Ife tinawaphikira nkhuku. Chaka chotsatira pamalopo panali esiteti ya fodya, ife tikulowamo kukagwira ganyu pa nthaka imene panakwiriridwa michombo yathu. Munthu akayeza dothi lako, walikonda. Chikhomo chikagona m'munda mwezi umodzi chimamera mizu. Munda uno ndi wa mbumba, ndipo woyang'anira mbumba ndine. Ndaulima zaka makumi atatu, sindinaonepo bomba. Loweruka amayi a Chigwirizano cha kutchalitchi akubwera kudzathandiza mayi ako kugalauza. Alima mpaka kumunsi. Wamva?"

"Ndamva, malume."

"Ukatsegula pakamwa, anthu aja akanditsekera. Tsono pa ukwati wako adzayankhula ndani? Pa maliro? Nyamula ndowa yako."

Febe ananyamula. Tsiku limenelo anachedwa kusukulu, ndipo anamupatsa chilango chosesa bwalo.

4. Mayi wotopa

Madzulo a Marita anali pakhonde, akuswa mtedza wa mbewu m'lichero. Febe anakhala pambali pawo n'kuyamba kuswa nawo.

"Amayi, kumunda kuja..."

"Ndaona."

"Mwaona?"

"Maso ndili nawo. Zikhomo zatsika. Sindinafunse, ndipo sindifunsa."

"Koma sanafufuzepo."

A Marita anakhutula makoko pansi. "Febe, ndatopa. Msana uwu ukundiwawa chiyambire kukolola. Mizere imene ija ndi yokhayo imene imasunga chinyezi. Chaka cha njala, anzathu akudya mizu ya nthochi, ife tinapulumukira mtedza wa pamenepo. Iwe unali wamkulu, ukukumbuka. Mvula ikagwa ndisanagalauze, mtedza uchedwa. Mtedza wochedwa umagwidwa ndi matenda a kadukutu. Anthu a galimoto yoyera aja akamaliza abwerera kwawo kukadya mpunga. Ife titsala pano. Tidzakazinga zikhomo? Amayi a Chigwirizano andipatsa tsiku limodzi lokha. Sabata yamawa akupita kwa wodwala wina. Malume ako ndi amene anatigwira dzanja bambo ako atapita. Sindingakangane nawo chifukwa cha mlendo. Nawenso usandiputire nkhani."

Anapitiriza kuswa. Patapita kanthawi Febe anafunsa:

"Loweruka inu mudzagwira mzere uti?"

"Funso lanji limenelo? Mwini munda amagwira wa pakati, kuti aziona mbali zonse."

"Kumunsi komwe kuja?"

"Tiyambira komweko, dzuwa lisanatenthe. Usinje chimera, pafunika thobwa wambiri."

Febe anapita kukakonza za thobwa.

5. Kabokosi kakanidwa

Lachinayi kunagwa chizimalupsa, kamvula koyamba kongozimitsa fumbi. Lachisanu poweruka Febe anadzeranso kumunda.

Galimoto yoyera inali pamsewu, zitseko zili pululu. Mayi Getrude anali ataima ndi a Sydney, buku lili m'manja, nkhope itakwinyika.

"Ndimafuna ndiyezenso chinyezi chifukwa cha mvula ya dzulo," ankatero. "Ndazungulira njira ya kudambo, ndatapa pa 14. Taonani. Lolemba 640, lero 85. Ndayeza katatu."

"Mvula singasinthe choncho?" anafunsa a Sydney.

"Ayi. Mvula imasintha chinyezi, sichotsa chitsulo m'dothi."

"Ndiye kabokosi kafa. Kapena munasokoneza mabotolo."

"Zikhomo ndi makumi asanu ndi limodzi, sindingakumbuke pamene chilichonse chinaima. Koma ngati kakunama pa 14, manambala onse a m'buku muno sindingawakhulupirire. Sindingakulowetseni ndi chiwaya chotchera mongoganiza. Pakirani. Tipite nako ku Lilongwe akakaone. Tibwera pakatha sabata ziwiri."

A Sydney anayamba kulongedza.

Febe anaima pamsewu, chikwama chili kumsana. Galimoto ikachoka, mawa lake amayi khumi ndi asanu ndi mmodzi alowa ndi makasu m'mizere imene sinafufuzidwe, mayi ake ali pakati. Akayankhula, malume ake agwidwa. Anayang'ana kumudzi. Anayang'ana galimoto. Woyendetsa anali ataliza kale injini.

Anavula chikwama n'kutulutsa kope la zaulimi.

"Mayi, kabokosi kanu kali bwino."

Mayi Getrude anatembenuka. "Wati chiyani?"

"Lolemba munatapa pafupi ndi chitsa cha mthethe. Ndinalemba, onani. Lero mwatapa pati?"

Mayi Getrude anayang'ana kope, kenako anayang'ana kumunda. Chitsa cha mthethe chinali kumtunda, chokhachokha. Chikhomo cha 14 chinali kutali kumunsi.

"Zimitsani injini," anauza woyendetsa.

Febe anawatsogolera kudzera mbali ya kumtunda. Pafupi ndi chitsacho, mvula inali itatitimiza dothi limene linafotseredwa, ndipo kadzenje ka chikhomo kankaoneka bwinobwino. Mayi Getrude anatapa ndi sipuni. Kabokosi kanaonetsa 632.

A Sydney anapukusa mutu. "Tikanabwerera tikanafufuza mpaka pa zikhomo basi. Mizere yonseyi tikanaisiya, n'kulemba kuti malo ali bwino."

"Wasuntha ndani?" anafunsa mayi Getrude.

"Ndipatseni ola limodzi, mayi. Ndikufuna abwere okha," anatero Febe.

Mayi Getrude anamuyang'ana kwa kanthawi. "Ola limodzi. Pita."

6. Ku nazale ya fodya

A Levison anali kudambo, akuthirira nazale yawo ya fodya. Febe anagwada kumapeto kwa bedi.

"Malume, ndawauza kuti zikhomo zasuntha."

A Levison anaika kheni pansi mwapang'onopang'ono.

"Dzina lanu sindinatchule."

"Wandigulitsa, mwana wa mlongo wanga."

"Ndikanakugulitsani bwenzi nditabwera ndi apolisi. Ndabwera ndekha."

"Sukulu yakukwera m'mutu, eti? Manambala awiri a mayi uja aposa zaka zanga makumi atatu?"

"Mwina mukunena zoona, malume, mwina mulibe kanthu m'mizere muja. Koma mawa amene agwire mzere wa pakati ndi amayi. Mukalakwitsa inuyo, simudzakhalapo pamzerepo. Mayi aja akalakwitsa, titaya mtedza."

A Levison anapukuta manja pa buluku, anavala chipewa.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya. Tiye. Ndikawauze pamaso."

Atafika pamsewu sanadikire moni.

"Ndine ndinazula. Dzina langa ndi Levison. Mukafuna kundimanga, manja ndi awa. Koma munda uwu simuutenga ngati mmene munatengera wa kutsidya."

Mayi Getrude anatseka buku. "Bambo, kwathu ndi ku Nambuma. Munda wa bambo anga nawonso unapita ndi zikhomo, ine ndili mwana. Ndikamagwira sipuni iyi ndimadziwa chimene anthu akuluakulu akuona. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinayankhula patchalitchi kamodzi n'kuganiza kuti zakwana. Koma chimene mwachitachi chikanapha anthu, ndipo woyamba mukanakhala inuyo Lachitatu lija. Sindikubisirani."

"Ndiye mundimanga?"

"M'chitokosi mukandithandiza chiyani? Ndikufuna munthu amene amaudziwa munda uno. Tichite chonchi. Zikhomo zimene mwakhoma kumunsi zisiyeni, musalowekonso. Tikhoma zina pamalo akale lero lomwe. Mawa tisiya kumene tinali, tiyambira mizere khumi ndi iwiriyi. Tikamaliza, zikhomo muzule ndinu, muziwerenge, mukamangire khola la nkhuku."

"Mawu okha?"

"Ndilemba, ndisayina, abusa asunge pepalalo."

A Levison anaganiza. "Abusa ndi ine. Mapepala awiri."

"Awiri."

Pobwerera kumudzi a Levison anayenda patsogolo osamuyankhula Febe. Kunyumba, a Marita atamva, anangoti, "Thobwa yense uja," n'kulowa m'nyumba. Febe anadya yekha pakhomo la khitchini.

7. Loweruka

Amayi a Chigwirizano anabwera ndithu, makasu paphewa, chifukwa uthenga sunawafike onse. Mayi Getrude anawaimitsa pansi pa mtengo wa mango, kutsidya kwa msewu, kutali ndi munda. A Marita anatula ndowa za thobwa pomwepo, nkhope ili gwa.

A Sydney anavala chovala chokhuthala ndi chisoti chotchinga nkhope. Asanalowe, mayi Getrude anakwirira kachitsulo pamalo ofufuzidwa kale, n'kuyesa ngati chiwaya chikukamva. Anachita choncho pa katondo, anachitanso pa makande. Kenako a Sydney anayamba, phazi limodzi limodzi.

"Ife tinabwera kudzalima," anatero a Tisiyenji, mayi wa pakamwa posatseka. "Sitinabwere kudzaonerera bambo akukazinga nthaka."

"Akamaliza mumufunse ngati ali pabanja, mnzanga. Mwamuna wodekha choncho ndi wosowa," anatero mayi wina.

"Wodekha kapena waulesi? Mzere umodzi ola lathunthu. Kwanga angagone ndi njala."

Chiwaya chinalira. A Sydney anagwada, anafukula mosamala, ndipo patapita nthawi anakweza chitini cha nsomba. Amayi anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Kachiwiri anakweza khasu lakutha. Kachitatu, chinthu chachitali cha dzimbiri. Atachibweretsa pamtengo wa mango, a Marita anachitembenuza m'manja.

"Tcheni cha njinga ya bambo ako," anauza Febe. "Anandinamizira ine kuti ndinabwereketsa." Anaseka pang'ono, koyamba sabata imeneyo.

"Mabomba ake ndi amenewa?" anatero a Levison mokweza. "Febe, lemba m'kope mwako. Chitini, khasu, tcheni."

Febe anawerama. Dzuwa linakwera. Amayi ena anayamba kukamba zobwerera.

Cha m'ma 11 koloko wezulo ya a Sydney inalira katatu, chizindikiro cha ngozi. A Sydney anakhoma kambendera kofiira n'kubwerera chambuyo, akuponda momwe anaponda popita. Nkhani zonse zinatha.

Atafika pamtengo anavula chisoti. Thukuta linali chuchuchu.

"Ndi bomba la m'manja. Lili mu mzere wachisanu ndi chimodzi, m'mimba mwa mzere, pamene khasu limalowa pogalauza. Mbali ina ili ndi chipsera. Khasu linalipezapo kale kamodzi, linangokhululuka."

A Tisiyenji anawerenga mizere ndi chala, milomo ikugwedera. Atafika pa wachisanu ndi chimodzi anatsitsa dzanja. Aliyense ankadziwa amene akanagwira mzere umenewo.

A Marita anakhala pansi pa fumbi. Anakhala choncho nthawi ndithu, tcheni chili pamiyendo. Kenako anadzuka, anavundukula ndowa, anatunga thobwa. Panali azimayi akuluakulu, panali alendo, panali mlongo wawo. Chikho choyamba anapatsa Febe.

"Imwa."

"Amayi, akuluakulu..."

"Ndati imwa." Anatembenukira kwa a Levison. "Mlongo, mwana uyu sapepesa kwa munthu."

A Levison anavula chipewa. "Sapepesa," anatero.

"Mizere yotsalayi timaliza Lachiwiri," anatero mayi Getrude. "Ili tiliphulitsa madzulo, anthu onse atachoka."

"Ndiye ife tibwera Lachitatu," anatero a Tisiyenji. "Wodwala uja tikamulimira Lachinayi, sathawa. Marita, thobwa ukonzenso. Uyu timwa lero, wa mantha."

8. Dothi lachilendo

Anthu akumwa, mayi Getrude anabwera ndi chibuma chimene a Sydney anachotsa pamwamba pa bomba lija. Chinali cholimba, chotuwa, chokhala ndi timabowo. Anaswako pang'ono n'kuika m'kabokosi. Kanaonetsa 310.

"Febe, taona. Ndi katondo uyu?"

"Ayi."

"Makande?"

"Ayi. Nambala yake si ya kumtunda, si ya kumunsi." Febe anachinunkhiza, anayang'ana timabowo tija. "Ili ndi dothi la pachulu."

"M'munda mwanu muli chulu?"

"Mulibe."

"Ndiye dothi ili si la pano. Linachita kubwera, ndipo bomba lija linabwera lili m'kati mwake. Bambo Levison, paja ndinati ndikufuna munthu wodziwa munda uno."

A Levison anatenga chibumacho.

"Ndine," anatero. "Chaka chimene mlamu anamwalira, feteleza kunalibe. Ndinagumula chulu, ndinatuta ngolo zinayi, n'kudzamwaza kumunsi kuno kuti mlongo wanga akolole. Zibuma zina zinali zazikulu ngati mutu wa munthu. Sindinaziswe. Ndinati mvula iziswa."

"Munachita zimene mlimi aliyense amachita," anatero mayi Getrude. "Koma anthu obisa zinthu sakwirira chimodzi. Chulu chake chiti? Cha mu kampu?"

A Levison anapukusa mutu. Sanaloze ku kampu. Anatembenuka n'kuloza kuseri kwa sukulu ya pulayimale, kutali ndi chikhomo chilichonse.

"Chachikulu chija. Anyamata a kampu ankakonda kukhala pamenepo."

"Pamene timakatapa dothi lozirira," anatero a Tisiyenji motsitsa mawu.

A Levison anapita pa galimoto yoyera. Sanapemphe. Anatenga zikhomo zofiira zodzaza m'khwapa, ndi nyundo.

"Izi ndikakhome ndine. Wina akazula, akakumana ndi ine."

Febe anayang'ana uku ndi uku. Chiyamiko anali apo, akunyambita chikho.

"Amayi, Tadala ali kuti?"

A Marita anagwira pakamwa. "Ndinamuuza kuti akamaliza kuchapa mayunifolomu akatape dothi. Mawa ndi Lamulungu, khonde sitinazire."

Febe anali atayamba kale kuthamanga, malume ake ali pambuyo, zikhomo zikugundana m'khwapa. Atadutsa bwalo la mpira anamuona. Tadala anali pa kanjira kopita kuchulu, beseni lopanda kanthu lili pamutu, kakhasu kali m'manja, akuyenda mosafulumira uku akuimba.

Febe anakoka mpweya wonse umene unatsala, n'kuitana dzina lake.